Nkhope Yanu Kuseri kwa Manambala

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ife kuno ku Nkaya tilipo. Dzuwa ndiye lafika ndi ukali wake wonse, njanji zikuchita kuthobwa m'maso, ndipo mbuzi zanu zija zimangokhalira pamthunzi osafuna n'kudya komwe. Ndati zanu chifukwa abambo amakana kuti tizitchule mwina. Yamawanga ija inaswa ana awiri, ndipo mmodzi watengera mwano wa make. Amalowa m'khitchini dzuwa likuswa mtengo, ukamuthamangitsa amayamba wakuyang'ana kaye.

Abambo ali bwino, kupatula bondo lija. Ndinawagulira ndodo yabwino ku Balaka, ya chogwirira chopindika. Anailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuipachika pamsomali. Akuti ndodo ndi ya nkhalamba. Mukanakhalapo mukanawauza mawu awiri okha n'kumva, koma ine ndikalankhula amangoti ndinatengera pakamwa panu.

Kumunda chimanga sichinatikomere, mvula inadula chikumasula. Nandolo ndi amene watichotsa manyazi. Ine ndikadali pa geni yanga ya mpunga, ndimakwera sitima kupita ku Nayuchi n'kudzagulitsa pamsika pano. Azimayi a kumeneko amakufunsanibe. Ena mpaka lero anali asanamve, ndiye ndikawauza timayambanso maliro pakati pa matumba. Koma nkhani yokoma iliponso: Tadala, mwana wa achemwali Rozina uja munkamuti sadzakula chifukwa chokana phala, anabereka mwana wamwamuna ku chipatala cha ku boma. Ndi wonenepa, wolira mokweza, ndipo phala sakana.

Magetsi aja munkawadikira zaka zonse zija anafika, Amayi. Anafika inu mutapita. Tsiku loyamba abambo anayatsa ndi kuzimitsa babu la pabalaza mpaka ndinawaletsa. Kungoti walira mvula walira matope, monga munkanenera: amabwera pomwe afunira, amapita osatsanzika.

Tsono chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni si mbuzi kapena nandolo ayi. Nkhope yanu inayamba kundithawa. Mawu anu ndimawamva bwinobwino, ngakhale kutsokomola kwanu kwa m'mawa. Manja anu ndimawaona, ndi chipsera cha mafuta a mandasi chija padzanja lamanzere. Koma ndikatseka maso kuti ndikuoneni kumaso, inkabwera nkhope ya kuchipatala ija, yowonda, ya milomo youma. Ndinkayesa kuikankha kuti ibwere ina, koma kumbuyo kwake kunalibe kanthu. Ndinachita mantha, ndipo sindinauze munthu, poopa kuti angati mwana wanji woiwala make.

Mlandu wina ndi wanu, pepani. Kujambulitsa munkadana nako. Munthu akangotulutsa foni munkaphimba kumaso ndi chitenje n'kumati, "Mukufuna mukandipachike kuti?" Zithunzi zochepa zija zinali m'chimbale cha zithunzi kuchipinda zinaonongeka chaka chotsatira maliro anu, mvula itagwetsa chipupa. Zinanyowa n'kumatana, ndipo pomatula munangotsala mabala ofiirira.

Ndiye ndinakumbukira tepi ya ukwati wa achemwali Rozina. Mukuikumbukira inunso, sindikukayika. Alamu anabwera ndi deki yoonetsera matepi a vidiyo yogula kwa munthu kuchokera ku Joni, rimoti yake n'kusochera m'basi. Khirisimasi iliyonse tinkapita kwawo ku Balaka, kumene kunali magetsi, alamu n'kubweza tepi mpaka poyambira, tonse n'kukhala pamkeka kuonera ukwati womwewo ngati wachilendo. Pangodya yakumwamba ya kanema, kudzanja lamanja, pankakhala kabokosi kakuda kokhala ndi manambala oyera othamanga. Filimu iliyonse yomwe tinkaika kabokosiko kanali pomwepo, ndiye tonse tinkangoti mavidiyo amapangidwa chomwecho.

Inu tsiku la ukwatilo munalithera kumoto, mukuphikira alendo. M'tepi yonse ija mumaoneka kamodzi kokha, nthawi ya perekaniperekani, mutaima kumbuyo kwa mpando wa mkwatibwi. Ndipo munaima pangodya pomwe paja. Mpango wanu wobiriwira unkaoneka pamwamba, mapewa pansi, pakati manambala. Popeza alamu ankayambira poyambira nthawi zonse, manambalawo ankakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Akangokwana ola limodzi ndi mphindi khumi ndi ziwiri, abambo ankaomba m'manja n'kumati, "Taonani, make Rozina afika, nambala yawo ndi imeneyo!"

Inu simunkaseka nawo. Munkati, "A Likoswe ojambula aja anachitira dala. Wojambula amadziwa pomwe pamakhala manambala ake. Anandilozetsa pomwepo chifukwa ndinawakaniza mbale yachiwiri ya mpunga wa nyama." Kuyambira pamenepo, mukakumana nawo ku Balaka moni wanu unkakhala wa pakamwa pokha. Ife tinkaseka mpaka kugwira m'mimba. Palibe anaganiza kuti tsiku lina tidzaifuna nkhopeyo n'kuisowa.

Achemwali atasamukira ku Machinga, deki ija inakakhala pansi pa bedi pamodzi ndi tepi yake. Nditawapempha anandibweretsera, akundiseka kuti ndikufuna kutsegula malo oonetsera mafilimu. Ndinaipukuta fumbi, n'kuilumikiza ku kanema wakale yemwe abambo anapatsidwa ndi alamu, ndipo inayaka. Ndinaonera ndekha masana ena abambo atapita ku maliro a kutsidya kwa njanji. Mutafika inu ndinagwada pafupi ndi galasi. Musandiseke, Amayi: ndinapendeketsa mutu n'kusuzumira cham'mbali, ngati ndingakuoneni kuseri kwa kabokosiko. Mayi wamkulu ngati ine, wa ana a ku sekondale.

Ndili chigwadire, magetsi anathima. Ndinatukwana pang'ono, Mulungu andikhululukire. Atabweranso ndinadina kuti tepi ipitirire. Chithunzi chinayambira pomwe chinalekera, inu mukadali chiimire kumbuyo kwa mpando, mpango uli pomwepo. Koma manambala anali atabwerera pa ziro.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza. Ngati manambalawo ali m'tepi monga mpango wanu uli m'tepi, abwerera bwanji pa ziro inu musanasunthe? Ndiye kuti si a Likoswe anawaika. Ndi deki yomwe imawerenga yokha, n'kuwalemba pamwamba pa chithunzi. Ndipo chimene deki yaika, deki yomweyo ikhoza kuchichotsa. Ndinayamba kudina mabatani a kutsogolo kwa deki mmodzimmodzi, koma ndi ochepa, ndipo palibe linathandiza. Kenako m'kati munamveka kaphokoso ngati munthu akufinya pepala. Ndinatulutsa tepi msangamsanga, ndipo ndinakumvani bwinobwino mukuti safunsa anadya phula.

M'mawa mwake ndinakulunga deki m'chitenje, n'kuibereka kumbuyo, tepi n'kuiika m'chikwama cha pachifuwa. Mnyamata wa njinga yamoto anayendetsa mosamala njira yonse ya ku Balaka, kuzemba maenje onse, ndipo titafika anandifunsa kuti mwanayo akudwala chiyani poti sakulira.

Anthu anandilozera kwa a Saidi, mmisiri wa mawailesi kuseri kwa msika, bambo wachikulire wovala kofia, magalasi ake omanga ndi waya. Ataona deki anaseka.

"Mayi, zinthu izi zinatha kalekale. Anzanu akuonera pa foni."

Ndinawafotokozera zonse, za chipupa, za zithunzi, za kabokosi. Za nkhope ya kuchipatala ndinawauzanso, sindikudziwa chifukwa chake, mwina poti anali mlendo. Analeka kuseka.

"Iyayi, mayi anu sanafufutike. Ali m'tepimo athunthu. Manambalawa ndi kaunta, deki imangowerenga kuti tepi yayenda nthawi yaitali bwanji kuchokera pomwe yayambira kuwerenga. Mukaitulutsa tepi, kapena magetsi akathima, imaiwala n'kuyambiranso. Batani lowachotsera lilipo, koma lili pa rimoti. Rimoti ili kuti?"

"Inasochera m'basi ndili mtsikana."

Anapukusa mutu, n'kukoka katoni pansi pa tebulo. Munali marimoti okhaokha, ena osweka, ena omata ndi selotepi. Anaika tepi yawo ya mpira, n'kuyamba kuyesa imodziimodzi, akusintha mabatire omwewo. Ndinaima pamenepo ndikupemphera chamumtima, iwonso milomo ikuyenda, aliyense m'chipembedzo chake. Kenako ina yotuwa, yothyoka pangodya, deki inaimvera. Anadinadina kabatani kena kochepa kuposa njere ya nandolo, ndipo kabokosi kaja kanachoka. Pangodya panangotsala udzu wa m'bwalo la mpira. Ndinafuula mpaka mayi wogulitsa tomato panja anasuzumira.

Zaka zonse zija, Amayi, nkhani yake inali kabatani kamodzi. A Likoswe analibe mlandu. Ndinafunsa za iwo kuti ndikawapepese m'malo mwanu, koma a Saidi anati nawonso anatsikira kuli chete zaka zapitazo. Ndiye ngati mwakumana nawo kumeneko, apatseni moni wabwino, ndipo ngati kuli mpunga muwaonjezere.

Kenako a Saidi anatenga tepi yathu, n'kuiyang'ana pa kawindo kake moloza kudzuwa. Nkhope yawo sinandisangalatse.

"Yachita chuku. Tepi iyi yakalamba kuposa ine. Musamaithamangitse uku ndi uku posaka malo, makamaka chithunzi chikuoneka. Ikaduka ndikhoza kulumikiza, koma pomwe yadukapo pamatayika. Ikadukira pa mayi anu, basi."

"Ndiye ndiwapeza bwanji osasaka?"

"Ndi manambala omwe mukudana nawowo. Musawachotse msanga, ndi amene akuperekezeni."

Anandiphunzitsa mofatsa, kubwereza mpaka nditagwira. Choyamba kubweza tepi mpaka poyambira, ili chiimire, osaonetsa chithunzi. Ikafika, kudina batani lobwezera manambala pa ziro. Kenako kuipititsa kutsogolo maso ali pa manambala, n'kuimitsa kutatsala pang'ono kuti mufike inu. Pamenepo kudinanso ziro, ndi batani lina loti deki ikumbukire malowo, kuti pobweza izikaima yokha pa ziro osapitirira. Zonsezi zikatha, ndiye kuchotsa manambala. Poona kuti zolemba za pa rimoti zinafufutika, anabwereka penti wa zikhadabo kwa mtsikana wa saluni yoyandikana nayo n'kudontheza: kofiira pa batani la ziro, kawiri kofiira pa lokumbukira, koyera pa lochotsa manambala. Anatsuka m'kati mwa deki ndi sipiriti, n'kuthyola kachidutswa kena kumbuyo kwa tepi kuti wina asadzajambulepo zina mwangozi.

"Tiyese pompano?" anafunsa.

Ndinkafuna, Amayi, ndinkafunitsitsa. Koma ndinaganiza za abambo. Ngati tepiyo inali ndi ulendo umodzi wokha wotsala, sukanakhala wa ine ndekha m'kashopu ka kuseri kwa msika.

"Iyayi, ndikaonere ndi abambo."

"Mwaganiza bwino. Mulungu akalola muwaona."

Nditafika kunyumba ndi rimoti ija, ndinaimbira achemwali kuti abwere Lamulungu. Anafika titangoweruka ku tchalitchi, akudandaula za minibasi ndi fumbi. Magetsi analipo. Ndinatseka zenera ndi chitenje kuti kanema aoneke bwino, abambo anakhala pampando wawo, ife awiri pamkeka ngati kale. Abambo sankakhulupirira. Anati, "Manambala amenewo ndinayamba kuwaona iwe usanamere mano anzeru. Lero achoke chifukwa cha penti wa zikhadabo?"

Ndinabweza tepi mpaka inagunda poyambira. Ndinadina kofiira, manambala onse n'kukhala ziro. Ndinaipititsa kutsogolo. Deki inkalira mokhala ngati ikudandaula, ine khutu lili pomwepo kumvetsera kaphokoso ka pepala kaja. Achemwali anati ndifulumire magetsi asanatichite chipongwe, ndipo ndinawayankha ndi mawu anu, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Manambala atadutsa ola limodzi ndi mphindi khumi ndinaimitsa. Ndinadina kofiira, ndinadina kawiri kofiira, kenako ndinaiyambitsa.

Nyimbo zija zinayamba, zosasa pang'ono. Anthu akuvina kupita kutsogolo, akuponya ndalama m'lichero. Achemwali ali pampando, owonda ngati bango, nkhope ili pansi monga anawalangizira. Ambiri mwa ovinawo ali kumeneko ndi inu tsopano. Kenako mpango wobiriwira unalowa pangodya n'kuima.

Ndinadina koyera. Amayi, m'malo mochoka, zolemba zinachuluka! Panabwera mizere ina pamwamba ndi pansi, mpaka mpango womwe unaphimbika.

"Iwe Aginesi, waonjezeratu!" anakalipa abambo. "Tsopano wawakwirira onse!"

Ndinakumbukira kuti a Saidi anadina kangapo. Ndinadinanso, mizere ina inachoka, kabokosi kanatsala. Ndinadina kachitatu.

Munali pomwepo.

Masaya anu anali odzaza, akuwala ndi thukuta la kumoto. Mpata wa m'mano uja, womwe ndinali nditauiwaliratu, unali poyera chifukwa munkaseka. Munawerama pang'ono kukonza nsalu ya kumutu kwa mkwatibwi, munamunong'oneza kanthu, n'kuweramuka, n'kuika dzanja pakamwa kuimba nthungululu. Nthungululu imeneyo takhala tikuimva Khirisimasi iliyonse osadziwa kuti ndi yanu. Maso anu sanayang'ane kwa wojambula ngakhale kamodzi, anali pa mwana wanu basi.

Abambo anadzuka pampando. Anayenda mpaka pa kanema, n'kupukuta galasi ndi chikhatho, ngakhale panalibe fumbi. Ndiye anati, chapansipansi, "Veronika."

Moyo wanga wonse sindinawamvepo akukutchulani dzina. Munali make Rozina m'nyumba, kumunda, kuchipatala, ngakhale pamanda. Ine ndi achemwali tinayang'anana n'kuyang'ana pansi, ngati talowa kuchipinda kwa makolo osagogoda.

Munatuluka m'chithunzi kubwerera ku mapoto anu. Abambo anati, "Bweza." Ndinaimitsa, ndinabweza, ndipo deki inakaima yokha pa ziro paja monga ananenera a Saidi. Tinakuonaninso. Atati ndibwezenso kachitatu ndinakana, ndinawauza za chuku. Sanatsutse. Anabwerera pampando n'kukhala akuyang'ana kanema wozimitsa.

Achemwali ndi amene anayamba kuwerengera zala, mphuno ikutuluka mamina. Anati, "Aginesi, ukudziwa kuti pamenepa anali asanakwanitse zaka makumi anayi?"

Ine ndinazidutsa zimenezo, Amayi. Ndakhala ndikuganiza zimenezi sabata yonse, pamsika, m'sitima, potunga madzi. Ndinkayesa kuti munabadwa muli amayi, odziwa zonse, osaopa kanthu. Koma amene ndinamuona Lamulungu ndi mtsikana. Mtsikana ameneyo ndi amene ankadzuka kukazinga mandasi oti akagulitse pa sitima, analera ana, anakwatitsa mwana wake woyamba ataphikira mudzi wonse, n'kutsalabe ndi mphamvu zoseka. Lero wamkulu ndine. Ndikanakumana nanu pamsika mutasenza dengu lanu la mandasi lija, ndikanakuitanani kuti mng'ono wanga, n'kukutulani, n'kukuuzani kuti khalani pansi mupume kaye. Palibe anakuuzani zimenezo, ndipo zikundipweteka, komanso ndikukunyadirani kuposa kale.

Tsopano ndikatseka maso mumabwera mukuseka, mpata wa m'mano uli poyera. Ya kuchipatala ija imabwerabe nthawi zina, koma siikhalitsa.

Tepi ndaikulunga m'nsalu youma, ili pamwamba pa kabati pomwe madzi sangafike. Ndikulonjeza kuti ulendo wake wotsatira ukhala umodzi wokha, wopita ku Balaka kuti akaisamutsire m'foni, kenako ipume. Mukwiye ngati mukufuna, koma ulendo uno ndikupachikani pabalaza, pomwe aliyense wolowa azikuonani.

Ndimakukondani, Amayi. Pumani, mwagwira ntchito.

Ndine mwana wanu,
Aginesi